Halidi Asakhudze Denga Langa

Famu ya Witkrans, Transvaal
3 Ogasiti 1975

Okondedwa Abiti Rajabu,

Asalamu aleikumu. Ndafuna kumva za moyo wanu, wa mdzukulu wathu Subira, ndi wa onse a ku Mauwa amene akundikumbukabe, ngati alipo. Ine ndili bwino pang'ono. Mawondo okha ndiwo akulira ndi chisanu cha kuno.

Kalata yanu ndalandira. Iwe Viola amene umawawerengera mayiwa, werenga zonse, usadumphe mawu chifukwa cha manyazi.

Ndatumiza teni randi pa positi ya ku Namadzi. Mugule feteleza mitengo isanakwere, yotsalayo mumugulire Subira nsalu.

Tsopano za denga. Mwati mileme yadzaza mu siling'i, m'nyumba mukununkha, ndipo mlongo wanu Halidi akufuna akwere akanganule mabolodi. Yankho langa ndi lakuti ayi. Halidi asakhudze denga langa. Kodi si iye anaimirira pa sadaka ya amayi anu, anthu ali khamu, nkunena kuti mkamwini alibe nyumba, chake ndi bulangete, ndipo ine ndidzachoka ku Joni ndi bulangete limodzi lomwelo? Malata aja ndinagula ndi msana wanga mu mgodi. Siling'i ija, m'mudzi monse inalipo ina? Zaka zoposa khumi zapita, mawu aja sanawabweze. Tsiku limene adzawabweze ndi limene ine ndidzanyamuke kuno. Mileme ndi mbewa zouluka chabe. Fukizani tsabola, ithawa.

Ife kuno timakhala nayo tsiku lonse. Mbunu wathu wapeza phanga kuseri kwa phiri lodzaza ndi zitosi za mileme, akuti ndi manyowa abwino a malalanje. Timalowamo ndi mafosholo ndi nyali, timatulukamo ndi matumba, maso ali psuu. Ndimagwira ndi Che Twaha a ku Namadzi aja. Chibwerereni anzathu kumudzi chaka chatha, Amalawi tatsala awiri pafamu pano.

Lachinayi Che Twaha anatola mleme umene unagwa pansi masanasana, ukukwawa ngati woledzera, kuti auponye kunja. Unawaluma chala chachikulu. Iwo amvekere, "Taonani Che Bakali, ku Joni ngakhale mbewa ndi kapitawo!" Tinaseka mpaka kutsokomola. Inenso wina unandikanda pakhosi sabata yatha, koma kabala kake sikaposa ka minga.

Mbuzi ija musagulitse.

Ndine amuna anu,
Bakali Asumani


14 Sepitembala 1975

Okondedwa Abiti Rajabu,

Asalamu aleikumu, ndi moni wa mwezi wa Ramazani. Ndikhulupirira mukusala bwino. Subira musamukakamize, akadali mwana. Ine ndili moyo.

Kalata yanu sinafike. Mwina mwakwiya ndi za denga zija. Kwiyani, koma mundiuze ngati ndalama inafika.

Ramazani ya kuno ndi ya anthu awiri. Kulibe mzikiti, kulibe woitanira swala. Timayang'ana dzuwa, likalowa kuseri kwa thanki ya madzi basi timasule. Ena onse m'komboni ndi Mashangani ndi Mapedi, amatiseka kuti Manyasa awa akudzilanga okha. Pomasula ndimakumbukira mbatata yanu ya nsinjiro, kenaka ndimaluma buledi wouma.

Koma chaka chino Che Twaha andiposa. Inu mukuwadziwa aja, kusala kwawo kunali kwa masiku atatu, lachinayi umawapeza kuseri kwa mtengo akusenda lalanje. Lero ndi munthu wina. Kuyambira Lachisanu akulavula malovu ngati akuluakulu a kwathu, safuna kumeza ngakhale dontho. Pamene akhala, pansi pamanyowa. Dzulo kapitawo anawabweretsera madzi m'chitini powaona akutuluka thukuta. Iwo analumpha ngati aona njoka, nkukankha chitinicho. Ine ndinamukalipira kapitawoyo kuti asamayese munthu amene akusala.

Ngakhale pomasula amangogwira kapu ya tiyi, kuiyang'ana, nkuiika pansi. Akuti pakhosi pauma mpaka pakukana. Ndawauza kuti ndi mmene limachitira thupi losazolowera, apirire, mphotho yawo ndi yaikulu. Akudandaulanso dzanja lija, akuti likuyabwa mpaka paphewa. Imeneyo ndi fosholo.

Mukakumana ndi akazi awo pamsika wa Namadzi, muwauze kuti amuna awo asanduka shehe ku ukalamba.

Kodi tsabola uja munafukiza?

Ndine,
Bakali


28 Sepitembala 1975

Abiti Rajabu,

Asalamu aleikumu. Ndikhulupirira muli bwino. Za ine musafunse.

Inna lillahi wa inna ilaihi rajiuna. Che Twaha atisiya.

Sikunali kusala kuja. Patapita masiku awiri chilembereni kalata ija, ndinawabweretsera ketulo kuti asambe m'manja tiswali. Atangomva madzi akukhuthuka anagwa pansi, khosi likukokana, maso ali tong'o. Anati, "Che Bakali, chotsani ketulo, chonde chotsani." Ndinawagwira, ndinawapukuta thovu ndi manja angawa, ndinayesa kuwamwetsa ndi supuni. Kenaka thirakita inatitengera ku chipatala cha m'tauni.

Kumeneko dokotala wachizungu anafunsa kudzera mwa namwino wachikuda, Sisitala Elsie. Funso lake linali limodzi: kodi galu anawaluma? Ndinati ayi, ife Asilamu galu sitisunga, sitimukhudza nkomwe. Mphaka? Ayi. Nkhandwe? Ayi. Dokotala anapukusa mutu natuluka. Sisitala anatsala, nati, "Madala, ganizani bwino. Palibe chilichonse cha mano?" Ndinati palibe, kupatula kamleme ka kuphanga, koma ako si kanthu. Mayi uja anathamanga ngati nyumba yapsa.

Akuti ndi chiwewe. Abiti Rajabu, inu munamvapo chiwewe cha mleme? Kwathu mwana aliyense amadziwa kuti chiwewe ndi cha galu. Akuti nchosowa, koma chilipo, ndipo munthu akayamba kuopa madzi ndiye kuti mankhwala achedwa. Ine masiku onse aja ndinkawayamikira munthu akufa.

Anakhala masiku ena ochepa. Za masiku amenewo sindilemba.

Chimene chandiwawa ndi maliro. A chipatala anakana kuti ndiwasambitse. Ndinawachonderera kuti munthuyu ndi Msilamu, alibe mbale kuno koma ine, sangapite kwa Mulungu wosasamba. Anati thupi ndi loopsa. Anachotsanso kanthu m'mutu mwawo kuti akapime ku mzinda. Anatipatsa bokosi lokhomakhoma. Tinawaika pangodya ya famu, ine ndi Mmwenye wa sitolo, amene anabweretsa sanda, nsalu yoyera ya maliro, nkuiyala pamwamba pa bokosi. Anthu awiri pa maliro a munthu amene kwawo mudzi wonse ukanagona panja.

Mupite ku Namadzi nokha, musatume mwana. Akazi awo muwauze kuti anamwalira m'mwezi woyera, ine ndili pambali. Zinazi musawauze.

Katundu wawo ndamanga kuti ndidzatumize: jekete, wailesi yopanda mabatire, kofiya, nsapato. Zonse zakwana m'bulangete limodzi. Izi Halidi asamve.

Bakali


12 Okutobala 1975

Okondedwa Abiti Rajabu,

Asalamu aleikumu. Idi munadya bwanji? Subira anavala nsalu ija? Ine Idi ndinaswali ndekha pamanda a Che Twaha, kenaka ndinakathirira malalanje. M'chipinda mwakula. Ndimayankhula ndi mbaula.

Ndaika faifi randi ya sadaka ya Che Twaha. Mukapereke pamodzi ndi nkhuku ziwiri.

Kuno kwabwera anthu a zaumoyo ndi galimoto ziwiri. Atchera maukonde pakhomo la phanga, akugwira mileme atavala magolovesi achikopa ofika m'zigongono, nkumaiika m'timabokosi. Mbunu anafuna kuotcha phanga lonse ndi dizilo. Iwo anamuletsa, akuti yodwala ndi yochepa, inayo imadya tizilombo ta m'munda, ndipo ukaiotcha yotsala imabalalikira m'nyumba za anthu. Angotseka pakhomo ndi waya kuti munthu asalowenso.

Akufunanso aliyense amene analumidwa kapena kukandidwa, ndi amene anagwira malovu a wodwala, kuti abayidwe jekeseni wa pamimba tsiku ndi tsiku. Sisitala Elsie anandipeza m'mizere ya malalanje mmene ndinkati ndabisala.

Anati, "Madala, ndakufunani sabata yonse."

Ndinati, "Ndinali kusala, mayi. Jekeseni amamasula."

Anati, "Mwezi wanu unatha, ndinafunsa kusitolo. Chavuta tsopano nchiyani?"

Ndinati, "Ntchito yachuluka."

Anandiyang'ana pakhosi, ine ndinakweza kolala. Anati, "Mnzanu munamuona. Mukufuna bedi lomwe lija?"

Ndinangopitiriza ntchito yanga. Chifukwa chake inu ndikuuzani. Pobaya amalemba dzina ndi nambala ya chitupa, ndipo pepalalo limapita ku boma. Chitupa changa chinatha kalekale. Mbunu amadziwa, ndi chifukwa chake malipiro anga ndi otere. Ndikangolembetsa, apolisi andinyamula nkunditaya kwathu monga ndililimu. Ndiye nditsike basi pa Namadzi, ndiyende mpaka ku Mauwa bulangete lili paphewa, Halidi atakhala pakhonde? Bola ndikhale.

Musade nkhawa. Kabala kaja kanapola. M'mawa uliwonse ndikadzuka ndimatunga madzi m'kapu, ndimawayang'ana, ndimamwa. Akupita bwinobwino.

Koma za mileme ya m'nyumbamo ndasintha mawu. Tsabola musiye, ingagwere pansi. Wina asaigwire ndi manja, makamaka umene wagwa masana. Subira mumuuze kawiri. Mufune a Flywell, akalipentala a ku Ndunde, adzaone dengalo, ndidzalipira ine. A Flywell, osati uyo.

Mundiyankhe msanga. Kuno kalata ndiye munthu wocheza naye.

Ndine amuna anu,
Bakali


Chipatala cha m'tauni
2 Novembala 1975

Abiti Rajabu,

Moni pang'ono, nthawi palibe. Telegalamu yanga ndikhulupirira yafika. Ngati simunapite ndi mwanayo ku chipatala, siyani kumvera kalatayi, nyamukani, mudzamva zotsala pobwera.

Kalata yanu inafika Lachisanu, inasemphana ndi yanga panjira. Munalemba za mvula, za mbuzi, za a Flywell amene anasamukira ku Limbe. Kumapeto kwenikweni, ngati nkhani yoseketsa, munati Subira anatola mleme unagwa pamphasa masana, nkumaubereka kumsana ngati mwana, mpaka unamuluma chala, ndipo munathirapo mchere. Ndinawerenga mzere umenewo ndili chilili pasitolo. Mmene ndinafikira ku chipatala kuno sindikudziwa. Mawondo awa anathamanga.

Ndinamupeza Sisitala Elsie ndi kumumasulira kalatayo. Anati mwana apite lero lomwe, ngakhale bala linapola, ngakhale akusewera. Dokotala walemba pepala lachizungu limene ndaikamo umu. Mukalionetse ku chipatala cha ku boma. Akakati chiwewe ndi cha galu, musabwerere, muwauze za Che Twaha. Zonse zimene ndinati musanene, nenani. Jekeseni ndi wowawa, mwana adzalira, koma asadumphe tsiku. Mbuzi gulitsani. Nyumbayo mutseke, mukagone kwina. Ndipo wina akadzalumidwanso, si mchere ayi, ndi sopo ndi madzi ambiri, kenaka chipatala.

Nditatha zonsezi ndinati ndizipita. Sisitala anaima pakhomo.

Anati, "Mdzukulu mwamutumiza ku jekeseni. Akadzafunsa kuti agogo anabayitsa, adzamuuza chiyani?"

Ndinati, "Mayi, chitupa ndilibe."

Anati, "Ndikudziwa, madala. Kubisa sindingathe, pepala si langa. Koma ndipempha kuti asakutengeni mpaka mutsirize."

Ndinakhala pabenchi. Ndinaganiza za mwana amene sindinamuonepo ndi maso, amene walumidwa pansi pa denga limene ine ndinaletsa kukonza. Kenaka ndinavula malaya.

Andibaya kawiri tsopano. Ndinafunsa ngati sindinachedwe, popeza changa chija ndi cha kale. Sisitala anati bola madzi akupita, tiyesa.

Ku chipatala ndi kutali kuchokera ku Mauwa, ndipo inu mwana simungamubereke tsiku ndi tsiku. Pamudzipo njinga ili ndi munthu mmodzi. Dzina lake mukulidziwa. Mupempheni.

Bakali


Polisi ya m'tauni
30 Novembala 1975

Okondedwa Abiti Rajabu,

Asalamu aleikumu. Alihamdulilahi, kalata yanu Sisitala wandibweretsera kuno. Ndamva kuti Subira watsiriza jekeseni, akudya, akusewera, ndipo akuonetsa anzake mimba yotupa ngati mendulo. Ndawerenga mpaka pepala lafewa. Inenso ndinatsiriza. Mimba ili ngati munda wolimidwa ndi nguluwe, koma madzi ndikumwa.

Apolisi anadikira monga anawapempha Sisitala. Tili ambiri m'chipinda muno, ena a ku Mozambiki, mmodzi wa ku Mzimba. Akuti atinyamula sabata ya mawa kapena inayo. Mbunu sanabwere kudzandiona. Katundu wa Che Twaha ndapempha kuti ndinyamule ndekha, ndikapereke m'manja mwa akazi awo. Mmwenye walonjeza kuti azilambula pamanda.

Chinthu chimodzi chandidabwitsa. Kalata iyi ndi zina zonse za chaka chino, dzanja lake ndi limodzi. Ine ndinkati ndi la Viola. Lero pansi pake palembedwa kuti Viola anakwatiwa ku Mbombwe chaka chatha, ndipo wolemba ndi wowerenga ndi Halidi Rajabu. Abiti Rajabu, munandibisiranji?

Ndiye ndiyankhule ndi inu, alamu, popeza kalatayi ili m'manja mwanu.

Ndiye kuti mawu onse aja munkawatchula ndi pakamwa panu? Mlongo wanu akuti simunadumphe ngakhale limodzi, ndipo pofika pa dzina lanu munkakweza mawu. Akutinso telegalamu itafika munasiya khasu m'munda, munamumangirira mwana pa njinga ndi nsalu, ndipo ku chipatala munakhala pakhomo la dokotala mpaka anakumverani. Masiku onse a jekeseni, mvula kapena dzuwa, wopalasa munali inu. Mwalemba kuti nyumba munakhoma ndi loko, awiriwo akugona kwanu, ndipo denga simunakhudze chifukwa mwini wake analetsa.

Mawu a pa sadaka aja simunawabweze, ndayang'ana kalata yonse mpaka kuseri. Musavutike. Munanena zoona. Ndikubwera ndi mabulangete awiri, koma limodzi ndi la Che Twaha.

Sisitala wandiphunzitsa kachotsedwe ka mileme m'denga. Timadikira dzuwa lilowe, mileme ituluke yonse kukadya, ndiye timatseka mipata ndi waya wa sefa ndi matope. Palibe kupha, palibe kugwira ndi manja. Mugule waya ku Namadzi, mubwereke makwerero ku sukulu.

Ndikafika mundipatse kaye madzi m'chikho, ndimwe Subira akuona. Tikatero tipite ku nyumba ija. Mawondo angawa makwerero sangakwerenso, alamu. Mukwere ndinu, ine ndigwira pansi.

Ndine mlamu wanu, ndi amuna anu inu Abiti Rajabu,
Bakali Asumani